Mwana wosuta chamba naye akufunika nkhoswe

Mwana wa mlongo wanga anatuluka m'chipatala tsiku Lachisanu. Anali atanenepako, maso atayera, m'manja muli kajumbo ka mankhwala ndi kabuku kolembedwamo tsiku lodzaonananso ndi adokotala. Zaka zake zinali 16. Tinatsika minibasi pa Makokola dzuwa litapendeka, ndipo madzulo amenewo amayi ake anamuphera nkhuku.

Pofika Lachiwiri, pachitseko cha kuchipinda kwa amayi akewo panali patapachikidwa loko. Ndalama za usipa amayiwo anayamba kugona nazo m'chiuno. Azing'ono ake anauzidwa monong'ona kuti asamayende naye. Palibe amene anamukalipira, komanso palibe amene ankamulankhula. Akalowa m'nyumba nkhani inkaduka, akatuluka n'kuyambiranso. Nsima ankaipeza itavundikiridwa pambali, n'kudya yekha. Masabata asanu asanathe, ndinakamupeza kudoko usiku ali khale kuseri kwa mathandala pamodzi ndi alovi, ndudu ya chamba ikuzungulira.

Ine ndine malume ake. Kuno kunyanja, monganso m'madera ambiri a dziko lino kumene mwana amawerengedwa kuchikazi, udindo umenewu si wamasewera, ndine mwini mbumba. Koma zimene ndinachita n'zochepa kwambiri. Ndinalipira ulendo wopita, ndinalipira wobwerera, ndinamuloza chala n'kumuuza kuti, "Usadzayambirenso," kenako ndinabwerera kuntchito kwanga mtima uli m'malo. Ndinkaganiza kuti matenda onse anali mwa iye ndipo madokotala awachotsa. Sindinaganizeko n'komwe kuti nyumba imene anadwaliramo ija inali chikhalire momwemo, ndipo tsopano inali itaonjezerapo mantha.

Ndikufuna nditsutse chizolowezi chimene chazika mizu m'mabanja mwathu ngakhalenso m'maofesi a boma, chotenga mwana wosuta chamba kapena woledzera ngati wailesi yowonongeka, yoti ukaisiye kwa amisiri n'kudzaitenga itakonzedwa. Thandizo lililonse limene limachiza mwana n'kusiya banja lake panja pa chitseko ndi thandizo latheka, ndipo nthawi zambiri theka limenelo limasungunuka mwezi usanathe.

Amene amadutsa mumsewu wochokera pa boma la Mangochi kupita ku Monkey Bay amaona zikwangwani za malo ogona alendo, Nkopola, Sun 'n' Sand, Makokola, ndipo patali m'madzi amaona chilumba cha Boadzulu. Kuseri kwa mipanda imeneyo kuli midzi imene mnyamata wa zaka 13 angathe kupeza ndalama yake dzuwa lisanatuluke. Akakoka nawo khoka, akakapa madzi m'boti, akasenzera amayi ogula usipa mabeseni, m'thumba mwake mulowa kanthu kamene mwana wa kumtunda sachiona mwezi wathunthu. Akakulako pang'ono amalowa m'gulu la chilimira, usiku wonse ali panyanja ndi nyali. Nyengo ya mwera ikafika, kuzizira kumalowa m'mafupa ndipo mafunde amaopsa ngakhale akuluakulu. Apa m'pamene mnzake amamupatsira ndudu n'kumuuza kuti imachotsa mantha, imapatsa mphamvu. Chamba sichisowa, dziko lonse limadziwa kuti ku Nkhotakota chimalimidwa chochuluka. Boma linaletsa mowa wa m'masacheti, koma unabwerera m'timabotolo ta midoli, ndipo kachasu sanachokepo. Kuonjezera apo, kuyambira pamene Nyumba ya Malamulo inavomereza Cannabis Regulation Act mu 2020, anyamata amakuyankha molimba mtima kuti boma linaloleza. Lamulo limenelo linangolola okhala ndi ziphaso kulima chamba cha mankhwala ndi cha m'mafakitale. Kusuta ndi kupezeka nacho ukadali mlandu. Koma ndani anafika padoko kudzawafotokozera?

Ndiye palinso kusowa kwa abambo. Chambo chimene chinatchukitsa Mangochi chinachepa, ndipo ku Malombe chinatsala pang'ono kutheratu kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990. Nyanja itayamba kuuma manja, msewu wa ku Joni unakula. Yendani m'midzi ya kwa Mponda kapena kwa Nankumba, muona nyumba zamalata zokongola zimene eni ake akuzidziwira pa WhatsApp. Sindikuwanyoza abambo amenewa, akuvutikira ana awo omwewa. Koma mwana wolera foni ndi ndalama za pamwezi amakula ndi mpata waukulu pakati pa 4 koloko madzulo ndi nthawi yogona, ndipo mpata umenewo doko limaudzaza.

Zinthu zikafika poipa, mwana wayamba kuba mapoto, kutukwana agogo ake, kulankhula yekha, timathamangira makomo odziwika. Ena amapita naye kupolisi kuti akamuopseze. Ena amati ndi majini kapena wachita kulodzedwa ndi ansanje, n'kupita naye kwa asing'anga kapena kumapemphero a usiku wonse, nthawi zina atamumanga ndi chingwe. Amene ali ndi kangachepe amamukweza basi kuti akakhale ndi achibale kutauni, kapena atsatire bambo ake ku Johannesburg, ngati kuti kumeneko chamba kulibe. Zikakanika zonsezi m'pamene timatchula Zomba. Makomo amenewa ndi osiyana, koma maganizo ake ndi amodzi: chotsani mwanayu pano, akakonzedwe kwina, ife titsale.

Chipatala cha Zomba Mental, chimene chinatsegulidwa mu 1953, ndicho chipatala chachikulu cha boma cha matenda a m'maganizo, ndipo chili pa mtunda woposa makilomita 100 kuchokera kuno. A St John of God ali ndi ntchito yothandiza anthu ofuna kusiya mowa ndi mankhwala ozunguza bongo ku Mzuzu ndi ku Lilongwe. Anthu ogwira ntchito m'malo amenewa amasenza katundu wolemera ndipo ndimawalemekeza. Mwana amene mutu wasokonekera, akumva mawu kapena akuona zinthu zimene ena sakuona, akufunika dokotala ndi mankhwala, pamenepo palibe zokambirana. Koma kuchipatala amakhalako masabata, pamene kunyumba akakhalako zaka. Mayi wa pa Makawa kapena pa Namiasi sangakwanitse kukwera minibasi sabata iliyonse kukakhala nawo pa uphungu ku Zomba, ndiye amangomva kuti mwana wanu wachira, bwerani mudzamutenge.

Vuto limeneli ena analiona kalekale. Cha m'ma 1960, dokotala wina wobadwira ku Argentina, Salvador Minuchin, ankagwira ntchito pa sukulu yosungirako anyamata opulupudza ya Wiltwyck ku New York. Anyamatawo anali ochokera m'mabanja osauka. Iye ndi anzake anaona kuti mnyamata amasintha ali pasukulupo, koma akabwerera kwawo zakale zimayambiranso. Anayamba kuitana banja lonse kulowa m'chipinda chimodzi, kuti aone ndi maso mmene anthuwo amalankhulirana, amene amalamula, amene amangokhala duu, amene amabisira mwana zolakwa. M'zaka za m'ma 1970, José Szapocznik anachita zofanana ku Miami pakati pa mabanja ochokera ku Cuba amene ana awo analowerera m'mankhwala ozunguza bongo. Anapeza kuti ntchito yovuta koposa ndi kukokera banjalo pamkeka, makamaka munthu amene ali ndi mphamvu pakhomo koma akuti nkhaniyi siikumukhudza. Njira yake imatenga misonkhano 12 mpaka 16, pafupifupi miyezi itatu kapena inayi. Lero bungwe la WHO pamodzi ndi nthambi ya United Nations yoona za mankhwala ozunguza bongo, UNODC, amaika uphungu wa banja lonse m'gulu la njira zimene kafukufuku waonetsa kuti zimathandizadi achinyamata.

Ndikudziwa chimene ena anene: izi n'zachizungu, ife mwana timamukhazika pansi kuyambira kale. N'zoona, timamukhazika pansi. Ndakhalapo pa misonkhano yotere, ndipo ina ndinaitanitsa ndine. Akuluakulu amakhala pamipando, mwana pansi. Amalume ayamba, azakhali alandira, agogo akumbutsa za mbuzi imene inagulitsidwa kuti iye apite kusukulu. Mwana ali zyoli, akujambula pansi ndi kamtengo. Pomaliza timafunsa kuti, "Wamva?" iye n'kuti, "Ndamva." Umenewu ndi mlandu, ndipo woimbidwa mlanduyo alibe womuyankhulira. Amachokapo atanyamula manyazi oposa amene anabwera nawo, ndipo mankhwala a manyazi amene iye akuwadziwa ali kudoko.

Chodabwitsa n'chakuti luso lenilenilo tili nalo, kungoti timaligwiritsa ntchito pa ukwati pokha. Banja likagwedezeka, sitiitana mwamuna yekha kapena mkazi yekha. Kumabwera ankhoswe a mbali zonse ziwiri. Aliyense amapatsidwa mpata wolankhula mpaka athe mawu. Nkhoswe yabwino siithamangira kugamula, imafunsa kuti zinayamba liti, imabweza mawu aukali kuti anenedwenso mofatsa, ndipo pakatha sabata imadzazondanso. Ngakhale mawu akuti uphungu amene a zaumoyo akugwiritsa ntchito lero ndi athu akale. Phungu ndi munthu amene amaima pambali pa namwali, kumulangiza ndi kumuteteza, ndipo ku jando mnyamata aliyense amakhala ndi womuyang'anira wake. Makolo athu ankadziwa kuti munthu amene ali pakati pa moyo wakale ndi watsopano samusiya yekha. Nanga bwanji mwana amene akuchoka m'chamba, ulendo wovuta kuposa wa kusimba, timamusiya opanda phungu, opanda nkhoswe?

Uphungu wa banja lonse ndi unkhoswe umenewu, woyendetsedwa ndi munthu wophunzitsidwa amene sali mbali ya mikangano ya pakhomopo. Mafunso ake amaoneka ang'onoang'ono. Mwanayu akachedwa kubwera, amayamba kuzindikira ndani? Amamutsegulira chitseko ndani? Amayi akamumana ndalama, amakaipeza kwa yani? Pamenepo zimaululika kuti amayi amakalipa, agogo amamupatsira mobisa chifukwa cha chisoni, abambo amaimba foni kamodzi pamwezi kuopseza kuti adzamuthyola miyendo, kenako n'kumutumizira nsapato zodula. Akuluakulu atatu, malamulo atatu, ndipo mwana amadutsa pakati. Phungu amawathandiza kuti agwirizane pa zinthu zooneka: nthawi yofikira pakhomo, amene azisunga ndalama zimene mwanayo wapeza kunyanja, chimene azichita akaweruka kusukulu, wamkulu amene azidya naye mbale imodzi, ndiponso chimene banja lidzachite tsiku limene adzaterereke. Mwananso amanena zake, ndipo akuluakulu amaphunzira kumvetsera osamudula pakamwa, chinthu chimene ambiri a ife sitinachitepo chibadwire.

Pali zinanso zimene banja liyenera kuuzidwa poyera. Munthu amene wakhala akusuta chamba tsiku ndi tsiku akasiya, sabata yoyamba ndi yachiwiri amakhala waukali, tulo sabwera, chakudya sichilowa, ndipo akagona amalota zoopsa. Banja losadziwa limati mwano wakula, kapena ziwanda zabwerera, n'kuyamba kumenya pa nthawi imene mwanayo akulimbana kwambiri. Wozolowera kachasu akasiya mwadzidzidzi n'kuyamba kunjenjemera kapena kugwa ngati wakhunyu, ameneyo ngofunika kuthamangira naye kuchipatala chifukwa angathe kufa. Ubongo wa munthu umapitiriza kukhwima mpaka zaka za m'ma 20, n'chifukwa chake woyamba chamba ali wamng'ono amakhala pa chiopsezo chachikulu chosokonekera mutu. Ndipo kuyambiranso pambuyo posiya kumachitika kwa ambiri. Wodwala shuga akadya zoletsedwa sitimuthamangitsa pakhomo, timabwerera naye kuchipatala. Koma mwana akasutanso kamodzi timati, "Tinanena ife, ameneyu ngotayika."

Wina adzati ndikuloza chala makolo, makamaka amayi. Ayi. Mlongo wanga amadzuka nkhuku zisanalire kukadikira maboti, amayanika usipa, amakwera nawo lole kupita ku Limbe n'kugona pamsika masiku atatu kuti ana adye. Loko uja sanamupachike chifukwa cha nkhanza. Mwana yemweyo anali atamuberapo mpamba wonse wa geni, ndipo iye anayambiranso ndi ngongole ya kubanki m'khonde. Nayenso anali wovulala, ndipo panalibe amene anamufunsapo kuti mtima wake uli bwanji. Kuitana banja pamkeka si kufufuza wolakwa. N'kuvomereza kuti chamba chikalowa m'nyumba chimapweteka onse, ndipo amene adzakhale ndi mwanayo usiku ndi usana ndi iwowo, osati adokotala.

Sindikubisa kuti makomo ena ndiwo gwero la vuto. Pali nyumba zimene kachasu amatchezedwa kuseri ndipo ndiye amalipira fizi. Pali abambo opeza amene amamenya, ndipo pali atsikana amene anayamba kumwa kuti aiwale zimene wachibale anawachita. Za atsikanawa sitikamba n'komwe. Mnyamata wosuta amaonekera pamsewu, koma mtsikana timamubisa, kapena kumukankhira kubanja msanga kuti manyazi achoke pakhomo, ngakhale kuti kuyambira 2017 malamulo aakulu a dziko lino amati aliyense wosakwana zaka 18 ndi mwana. Phungu wodziwa ntchito amayamba waonana ndi mwanayo payekha, ndipo akapeza nkhanza, chitetezo cha mwana chimatsogola. Pamenepo banja lokhala pamkeka lingathe kukhala agogo, azakhali kapena mphunzitsi wa kumadrasa amene mwanayo amamukhulupirira. Ubwino wa kuno n'ngwakuti banja ndi lalikulu, sipalephera kupezeka mmodzi woima naye.

Yankho limene ndatopa nalo ndi lakuti ndalama palibe, akatswiri ndi ochepa. Akatswiri ndi ochepadi. Koma ku Zimbabwe, dokotala wa matenda a m'maganizo Dixon Chibanda anayamba mu 2006 kuphunzitsa agogo aakazi a ku Mbare mu Harare kupereka uphungu atakhala pabenchi panja pa chipatala, ndipo kafukufuku amene anasindikizidwa mu 2016 anaonetsa kuti anthu ovutika maganizo amene anakhala pa benchi imeneyo anapezadi bwino. Ntchito ya Friendship Bench inali yokhudza nkhawa ndi kukhumudwa, osati chamba, koma inatsimikiza kuti munthu wamba wophunzitsidwa bwino ndi kuyang'aniridwa angathe kugwira ntchito imene tinkati ndi ya madokotala okha. Ife tili ndi alangizi a zaumoyo amene amadziwa khomo lililonse m'mudzi. Tili ndi ogwira ntchito yoteteza ana, anamwino a matenda a m'maganizo pa chipatala cha boma, ashehe, abusa, anankungwi. A YONECO ali ndi nambala yaulere ya 116 imene ana amaimbapo. Anthu alipo. Chikusowa ndi munthu wa udindo woti anene kuti ntchito imeneyi ndi yathu, n'kuiika pa ndondomeko ndi pa bajeti.

Choncho ndikupempha Unduna wa Zaumoyo ndi khonsolo ya Mangochi kuti mwana asamatulutsidwe m'chipatala chifukwa cha chamba kapena mowa popanda kukhala pansi ndi banja lake, ndiponso popanda dzina la munthu wa kufupi ndi kwawo amene adzawayendere sabata yotsatira. Pa zipatala za m'mbali mwa nyanja, kuyambira pa Koche mpaka ku Monkey Bay, patakhala masana amodzi pa sabata oti mabanja otere azikumana ndi phungu, mtengo wake sungafanane ndi wogoneka mwana yemweyo ku Zomba kachiwiri ndi kachitatu. Apolisi ndi makhoti ali kale ndi Child Care, Protection and Justice Act ya 2010, imene imalola kupatutsa mwana wolakwa kuti asadutse njira ya ndende. Mwana wogwidwa ndi kandudu kamodzi apatutsidwe, koma pa mfundo yakuti akuluakulu a pakhomo pake azibwera naye ku uphungu. Makomiti a m'madoko, amene amatha kulanda ukonde wosaloledwa, angathenso kuletsa eni maboti kutenga ana a sukulu usiku. Ndipo eni malo ogona alendo, amene antchito awo ambiri amachokera m'midzi yomweyi, atathandiza kulipira maphunziro a aphungu khumi okha, angakhale atathandiza ana a antchito awo omwe.

Kwathu zinatembenuka mwamwayi chabe, ndipo n'chimene chimandipweteka, chifukwa moyo wa mwana suyenera kudalira mwayi. Mayi wina wachikulire amene anapuma pa ntchito ya unamwino, wopemphera ndi mlongo wanga, anamva nkhaniyi n'kubwera Lamlungu masana. Anakana mpando. Anatiuza tonse tikhale pamkeka, ine ndemwe, ndipo foni anaiika pakati kuti alamu anga, bambo a mwanayo, amve ali ku Joni. Nditayamba kuyala milandu ya mwanayo, anakweza dzanja.

"Amalume, mwalankhula zaka zambiri. Lero timve mwanayu."

Panakhala zii kwa nthawi yaitali. Kenako mnyamatayo, maso ali pansi, anati, "Chibwerereni kuchipatala, palibe amene wandituma ngakhale mchere."

Amayi ake anaphimba nkhope ndi chitenje. Atatha kulira ananena za mpamba uja, mmene anagonera ndi njala pamsika wa Limbe, zinthu zimene mwanayo anali asanazimvepo. Alamu anga pafoni anayamba ndi ukali, koma mayi uja anawafunsa kuti ndi liti pamene anaimbapo foni kufuna mwanayo yekha, osati kudzamuzenga mlandu. Sanayankhe. Tinagwirizana zochepa: azifika pakhomo mapemphero a madzulo asanathe, kunyanja usiku asiye, ndalama za ganyu azisungitsa kwa agogo ake, bambo ake aziimba Lachitatu lililonse, ine ndizibwera Lamlungu.

M'mawa mwake mlongo wanga anamasula mfundo ya chitenje, manja akunjenjemera, n'kumupatsa K2,000 kuti akagule tomato ndi anyezi. Anandiuza kuti nthawi yonse imene mwanayo anali kumsika, iye anangoima pakhomo kuyang'ana kumsewu. Anabwera ndi tomato, anyezi ndi chenji.

Kuchokera tsiku limenelo waterereka kawiri. Ulendo wachiwiri anakanena yekha kwa agogo ake, ndipo tinayalanso mkeka. Sukulu anabwerera, ngakhale kuti anabwereza kalasi. Loko uja akadalipo pachitseko, koma masiku ambiri amangolendewera osatseka. Mayi wachikulire uja miyendo yayamba kumuvuta, ndipo mabanja ena atatu a m'mudzimo amufunsa kale kuti adzawakhalire pamkeka. Lamlungu likubwerali ndikamutenga pa kabaza.